Waya Wosapala

Namawaya anatuluka m'holo ya kalabu ya mawailesi leveni koloko itadutsa, mabasi onse atagona kale. Pachifuwa anafungata katoni ya nsapato yomanga ndi mphira. M'katonimo munali wailesi yolankhulirana, ija ena amati ova-ova, imene anailumikiza yekha kachidutswa ndi kachidutswa pa tebulo lodyera, mwana akagona.

Dzina limeneli anam'patsa ndi anthu a mumsewu umene ankakonzeramo matochi, machaja ndi mawailesi. Sukulu anaisiyira panjira, koma chowotcherera chinkamumvera ngati singano m'dzanja la telala.

Mawailesiwo anagula awiri ndi mwamuna wake, otchipa aja amabwera m'paketi tizidutswa tokhatokha ndi pepala la malangizo. Mwamunayo ankakumba zitsime kuseri kwa mapiri, kumene foni imasanduka tochi chabe. Yoyamba itatheka anapita nayo kukampu, atapangana kuti aziyatsa tsiku lililonse faivi koloko m'mawa kwa mphindi khumi ndi zisanu. Yachiwiriyi Namawaya anaimaliza milungu itatu yapitayo. Kumva inkamva bwino lomwe. M'mawa uliwonse mawu a mwamuna wake ankatuluka m'kasipika, kufunsa ngati mayi a Kanyerere akumumva. Iye ankadina batani n'kuyankha mpaka mawu kusasa, koma kutsidyako sikunkafika kanthu. Wailesi inali ndi makutu, pakamwa inalibe.

Tsopano Kanyerere, mwana wawo wa zaka zitatu, anali gone m'chipatala, mng'ono wake wa Namawaya akumudikirira. Adokotala sanapite m'mbali: opaleshoni ndi Loweruka, pakufunika magazi, magazi a mayi sakugwirizana ndi a mwanayo, ogwirizana ndi a bambo. Lole ya chakudya inkatsika kukampu kamodzi pa milungu iwiri, sikisi koloko m'mawa, ndipo tsiku lake linali mawa. Bambo a Kanyerere akapanda kumva uthenga faivi koloko, loleyo itsika yopanda iwo.

N'chifukwa chake anakhala m'holo muja kuyambira dzuwa lisanalowe. Wailesi yaikulu ya kalabu sikanamuthandiza. Inapsa mwezi watha, mnyamata wokonza mafoni, amene onse ankangomuti Wamafoni, ataidina kuti alankhule eriyo asanalumikize. A Magalasi, mkulu wa kalabuyo, kunyumba kwawo anangotsala ndi yomvetsera basi. Ndiye amuna asanu anaunjikana pa kawailesi ka Namawaya ngati ntchentche pa chilonda. Wina anati ndi maiki, anasintha. Wina anati ndi batani, analitsuka. A Magalasi anatembenuza bolodi ya m'kati mwa wailesiyo, nayang'ana mfundo za mtovu, nanena kuti zikunyezimira ngati za kufakitale, pamenepo pasachedwetse munthu. Kababu koyesera, kamene kamayaka mphamvu ikamatuluka, kanangoti zii usiku wonse.

"Isiyeni igone kwa ine, achemwali," anatero Wamafoni pomaliza. "Mawailesi enawa amachita manyazi pagulu."

"Ya kalabu ija munaichotsa manyazi mpaka inatuluka utsi," Namawaya anayankha. "Yangayi ikhale nawo."

Anthu anaseka. Iye sanaseke. Anali ataona mmene maso a Wamafoni ankaterera pa thiranzisita yatsopano ya m'wailesi yake, yofanana ndendende ndi imene inapsa mu yaikulu ija. Asanatseke katoni anawerenga zinthu zake zonse, kawiri, pamaso pawo. A Magalasi anati amuperekeze, koma iye anakana. Munthu wamkulu, maso ofooka, njinga yopanda nyale. Akanagwera m'ngalande odwala akanakhala awiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ulendo anauyamba yekha.

Magetsi a mumsewu ankathera pa shedi ya matabwa. Kupitirira pamenepo kunali mdima wa ndiweyani, msewu wamiyala, mlatho wa pa ngalande yaikulu, kenako mizere ya nyumba za lendi kumene ankakhala. Kuderali anasamukirako chaka chatha chomwechi, ndipo njira imeneyi usiku anali asanaiyendepo wapansi. Foni inali itathima. M'thumba la jekete anagwira sikuludiraiva yaitali, chogwirira chili m'manja.

Atangodutsa shedi anamva mapazi kumbuyo. Sanacheuke. Munthu wocheuka amauza wakuba kuti mantha alipo. Anafulumira pang'ono, mapaziwo anafulumiranso. Anaima ngati akukonza nsapato. Zii.

Wamafoni ameneyu, anatero mumtima. Kapena watuma mnzake. Katoniyi aiona anthu asanu okha, ndipo woisirira anali mmodzi. Anaisunthira kukhwapa lamanzere kuti dzanja lamanja likhale ndi ntchito imodzi. Anayambanso kuyenda, pakati penipeni pa msewu, kutali ndi tchire. Mapazi aja anayambanso. Sanali kuyandikira, sanalinso kutsalira.

Chakumanja, mlatho usanafike, kunali nyumba yopanda anthu. Masana ankaiona akamadutsa: mawindo opanda magalasi, udzu mpaka pakhonde. Koma usiku uno anaona chinthu chimene anali asanachionepo. Kuseri kwa denga kunaima mlongoti wautali wachitsulo, mawaya awiri atatambasuka wina uku wina uko, omangidwa mwaluso. Anadabwa kuti maso a munthu wa mawaya ngati iye anauphonya bwanji chaka chathunthu.

Pomwepo katoni inalira.

Ssss... krrr...

Anaima chilili. Batire analisiya kunyumba, pansi pa tebulo. Kuholo ankagwiritsa la kalabu. M'katonimo munalibe moto wa mtundu uliwonse. Koma kasipika kankapuma pansi pa khwapa lake, monga kamachitira mvula ya mabingu ikamayandikira. Anayang'ana kumwamba. Nyenyezi zokhazokha.

Mapazi aja anali atasiya.

"Ikumva koma sikulankhula."

Mawuwo sanachokere kumbuyo. Anachokera kutsogolo! Pamlatho panaima bambo wamtali atavala jasi lamvula. Jasilo linkachucha madzi, dontho... dontho... pa simenti youma. Nkhope sinkaoneka chifukwa cha chipewa. Kunabwera fungo limene Namawaya ankalidziwa kuposa la sopo wake, fungo la waya wopsa.

"Wakutumani ndani?" anafunsa, sikuludiraiva ataitulutsa kuti ionekere. "Mukamuuze Wamafoni kuti thiranzisita akagule yake."

Bamboyo anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera siteshoni yakutali.

"Koyilo ya pa kamphete kakuda, pafupi ndi thiranzisita yaikulu. Ili ndi nsonga zinayi, mayi. Zitatu munapala. Yachinayi mwana analira."

Waya wa koyilo amabwera wopakidwa vanishi, ndipo nsonga iliyonse imafunika kuipala ndi lezala mpaka mkuwa uwale, apo ayi mtovu umangokuta pamwamba osagwira. Usiku umene ankachita ntchito imeneyo anaukumbukira bwinobwino. Anali yekha m'nyumba, chitseko chokhoma, katani yotseka. Kanyerere anadzuka akulira, thupi lili moto, tsiku loyamba la matenda ake. Iye anaika lezala pansi. Atabwerera pa tebulo... kodi anapitiriza kupala, kapena anangowotcherera?

Nanga uyu akudziwa bwanji? Ankasuzumira pawindo? Ndiye kuti akudziwanso kuti mwamuna kulibe, kuti amagona yekha ndi mwana, kuti loko wa chitseko chakuseri ndi wogwedera. Za mizimu anali asanaziganize n'komwe. Mantha amene anamugwira anali a munthu wamoyo wodziwa pakhomo pako. Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamadulanso pakhosi.

"Ndipatseni njira, bambo."

Bamboyo anasuntha pang'ono, natsamira chitsulo cha mlatho. Mlathowo unali wopapatiza. Kubwerera kukazungulira kumsewu waukulu kunali kutaya ola lathunthu, ndipo ola analibe. Namawaya analuma mano. Phazi limodzi. Lachiwiri. Fungo lija linakula. Kasipika kanayamba kuthetheka. Phewa lake linayenera kukhudza jasi lija.

Silinakhudze kanthu.

Kunangozizira, kuzizira kwa m'firiji. Katoni inakuwa, krrrr! Kenako chete.

"Fulumirani, mayi," mawu anatero kumbuyo kwake. "Madzi adzaza posachedwa."

Pansi pa mlathowo ngalande inali youma gwa. Anacheuka. Panalibe munthu. Panali kadziwe kamadzi basi, pamalo pamene anaima.

Miyendo inaganiza yokha. Liwiro!

Atafika anakhoma chitseko, natsamiritsa mpando, nasuzumira pansi pa bedi ndi kuseri kwa kabati. Chitseko chakuseri anachitchinga ndi ndowa yodzaza madzi. Pawindo anapachika bulangeti pamwamba pa katani. Kenako anakhala pa tebulo, katoni ili patsogolo pake.

Sanafune kukhulupirira. Mwina unali msampha: azule koyilo, adule waya, wailesi ileke ngakhale kumva kumene, mawa akaipereke yekha kwa Wamafoni akupepesa. Amuna akafuna chinthu chako amadziwa kukuchititsa kuti uchiwononge ndi manja ako. Koma mita yoyezera mawaya sinama, ndipo situmidwa ndi munthu. Anaitulutsa m'dirowa.

Koyiloyo inali ndi mawaya awiri, aliyense nsonga ziwiri. Anagunditsa timiyendo ta mita pa mfundo za waya woyamba. Piii. Pa za wachiwiri. Chete. Anapukuta timiyendoto, nayesanso. Chete.

Amuna asanu, maola sikisi, palibe anayeza pamenepo chifukwa mtovu unkanyezimira. Iyenso milungu itatu yonseyi sanayezepo, chifukwa ankadziwa kuti dzanja lake sililakwa.

Anayatsa chowotcherera. Anasungunula mtovu, nasolola nsongayo ndi kapulaya. Inatuluka yofiirira, vanishi ali momwemo, mtovu utangoivala ngati sokosi. Yotsalayo inali yaifupi ngati chikhadabo. Ikaduka, waya wina analibe, ndipo sitolo yotsegula usiku wotero kunalibe. Anaika zida pansi. Anamwa madzi. Ndiye anatenga lezala latsopano n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, kutembenuza, kupalanso, mpweya ataugwira, mpaka mkuwa unawala mbali zonse. Anawotcherera. Mita inati piii. Analumikiza batire ndi kababu koyesera, nadina batani, naliza likhweru m'maiki.

Kababu kanayaka.

Sanagone. Anakhala moyang'ana chitseko, sikuludiraiva ili pamwendo, akumvetsera mphepo pamalata. Kawiri anamva ngati madzi akudontha pakhonde. Kawiri konse sanapite kukaona. Tambala woyamba atalira anachotsa kababu, nalumikiza eriyo, waya wautali amene mwamuna wake anamangirira kumtengo wa kuseri.

Faivi koloko yeniyeni kasipika kanatsokomola, ndipo mawu a bambo a Kanyerere anatuluka, otopa, a munthu amene waitana milungu itatu osayankhidwa. Namawaya anadina batani. Ananena zonse mwadongosolo monga anakonzera usiku: mwana, chipatala, magazi, lole. Anasiya batani.

"Pali wina akulankhula... mayi a Kanyerere, ndinu? Ndikumva ngati udzudzu. Bwerezani."

Anabwereza, pakamwa atagunditsa pamaiki. Mwamunayo anati wamva mawu akuti mwana basi, ena onse akumira m'phokoso. Wailesi yotchipa mphamvu yake ndi ya tochi, ndipo pakati pawo panali mapiri. Anabwereza kachitatu, mokuwa, mpaka aneba anagogoda khoma. Kachinayi. Mphindi khumi zinatha. Mwamunayo anaseka pang'ono, kukondwa kuti wailesi yayamba kulankhula, nanena kuti batire lake likufooka, ayesenso mawa.

Mawa! Namawaya anadina batani ndi zala ziwiri, nakuwanso kachisanu, nalisiya.

Kenako phokoso lonse linaduka, ngati wina watseka chitseko. M'kasipika munalowa mawu ena, aakulu, oyera ngati wolankhulayo wakhala pampando wa pambali.

"Akukampu, mverani. Ndikukupatsirani uthenga wa mayi. Mwana ali m'chipatala. Opaleshoni Loweruka. Akufuna magazi anu. Kwerani lole ya sikisi koloko. Bwerezani zimene mwamva."

Anali mawu a pamlatho paja.

Bambo a Kanyerere anabwereza zonse, osaphonya. Anati akukavala nsapato pompano, dalaivala wayamba kale kutenthetsa injini. Anathokoza, nafunsa kuti amene wawathandizayo ndani. Mawu aja anatchula nambala yawo ya pawailesi, zilembo ndi manambala, pang'onopang'ono, kawiri. Kenako phokoso linabwerera, ssss, ngati mvula yakutali.

Namawaya anailemba nambalayo pa chivundikiro cha katoni. Uthenga wafika, lole itsika ndi munthu wake. Koma mtima sunakhale m'malo. Munthu wa wailesi yamphamvu chonchi, bwanji kukalabu sadziwika? Ndipo wothandiza usiku, wosaonetsa nkhope, tsiku lina adzabwera kudzanena chimene akufuna. Anaganiza zogula loko watsopano lero lomwe.

Sikisi isanakwane kunja kunamveka njinga kugwa, kenako kugogoda. Anasuzumira pa mng'alu wa chitseko asanatsegule. Anali a Magalasi, malaya atamanga mabatani mokhota, kuphazi lina nsapato lina silipasi. Anati amamvetsera kunyumba kwawo, amva zonse. Za mwana sanafunse n'komwe. Anafunsa ngati nambala ija iye waimvanso, kapena makutu awo aukalamba awanamiza.

Namawaya anawapatsa chivundikiro. Mkuluyo anachiyandikitsa kumaso, nachitalikitsa, kenako anakhala pansi pa sitepe. Namawaya anawafotokozera za pamlatho, za jasi lonyowa, za nsonga yachinayi, maso ake osachoka pankhope pawo.

"Bambo, ngati ndi masewera a anthu anu a kalabu, ndiuzeni pano. Pali munthu amene amasuzumira pawindo langa, ndipo ndikufuna dzina lake."

"Palibe amasuzumira, mwanangu." A Magalasi anavula magalasi, nawagwira m'manja. "Nambala iyi sinapatsidwenso munthu wina. Mwini wake ndi amene anandiphunzitsa ine kukulunga koyilo. Nyumba ya pamlatho ija inali yake. Tinamuika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Bokosi lake ndinanyamula nawo."

Namawaya anati zimenezo sizingatheke, mlongoti wauona ndi maso ake, mawaya ali omangika bwinobwino. Iwo anapukusa mutu. Mlongotiwo anaudula chaka chomwecho, anagula ndi a zitsulo zakutha.

Zotsalazo anazinena akuyang'ana pansi. Unali usiku wa chimvula choopsa. Madzi anasefukira pamwamba pa mlatho, magetsi anathima, mafoni anafa, ndipo mkazi wa bamboyo, amene anali woyembekezera, anayamba kudwala matenda a pakati, nthawi isanakwane. Anthu a mawailesi ali ndi lamulo limene aliyense amaphunzira tsiku loyamba: mabingu akayamba, zula eriyo, zimitsa wailesi. Bamboyo ndi amene ankaliphunzitsa. Usiku umenewo analiphwanya. Anatuluka m'mvula kukamanganso waya amene mphepo inadula, nabwerera ndi jasi lake lonyowa, nakhala pa wailesi kuitana aliyense amene ali ndi galimoto pafupi. Mphezi inaupeza mlongoti iye ali chigwirire maiki.

"Mkazi wake anapulumuka, ndi amene anatiuza," anatero a Magalasi. "Mwamuna wakeyo anaitana maola awiri. Mayina athu, mmodzimmodzi. Langa anatchula kasanu." Anavalanso magalasi awo. "Tonse tinali titazimitsa. Tinasunga lamulo."

Kunja kunali kutayera. Aneba anayamba kusesa, wina ankatsuka mapoto pampopi. Namawaya analowa m'nyumba, nalongedza zovala zoyera za Kanyerere, sopo, thaulo ndi fulasiki. Basi yoyamba yopita kuchipatala inali pafupi kudutsa.

Pa tebulo kasipika kanali kakupumabe, ssss. Anatambasula dzanja kuti azimitse. Chala chinafika pa swichi, chinaima. Anachibweza, nakweza mawu pang'ono, nasiya windo lotsegula theka.

"Batire litha, mwanangu," anatero a Magalasi ali pakhomo.

"Lithe," Namawaya anayankha, akukhoma chitseko. "Batire amachaja."